Ndinamusokera mkwatibwi m'diresi lake: ukwati wa mlamu wanga ku Lebanon

Amake Yamikani:
Moni nonse pagulu pano. Dzulo Anachisale anafunsa ngati zipi yobisika ingapirire pa diresi la ukwati lolemera mikanda, ndipo ndinalonjeza kufotokoza chifukwa chimene ine ndinasiyira kuiika. Nkhaniyi ndi yayitali, mundipirire.

Ambiri mukudziwa kuti bambo a Yamikani kwawo ndi ku Lebanon. Anabwera ku Lilongwe kudzathandiza m'sitolo ya amalume awo, ndiye tinakumana konkuno. Mu July 2023 tinapita kwawo ku ukwati wa mlongo wawo wotsiriza kubadwa. Kanali koyamba ine kuponda dziko limenelo. Mudzi wawo uli m'mapiri a ku Keserwan. Ukachoka ku Jounieh umakwera msewu wokhotakhota mpaka makutu kutseka, nyanja n'kumaoneka kumunsi kwenikweni.

Tinadzera ku Addis Ababa. Titatera ku Beirut Lachinayi m'bandakucha, masutikesi awiri anatuluka, yachitatu osaoneka. Tinaima pamenepo mpaka anthu onse anatha. M'sutikesi imeneyo munali chilundu changa chimene ndinasoka milungu itatu, duku lake, nsapato zanga za gogoda ndi sizasi yanga yodulira nsalu. Chimene ndinatsala nacho ndi kachitini ka masingano ndi ulusi woyera ndi wakuda, kamene sikachoka m'chikwama changa cha m'manja. Ukwati unali Loweruka.

Nachisale:
Tili tcheru amayi. Koma ine chilundu cha milungu itatu kusowa kutatsala masiku awiri, ndikanangokhala pansi pa bwalo la ndege pomwepo n'kuyamba kulira.

Nabanda ku Leeds:
Pepani achemwali. Nanga simukanangolowa mu shopu ku Beirut n'kugula lina? Ndimamva kuti madiresi kwawo ndi kumeneko.

Amake Yamikani:
N'zoona Anabanda, madiresi kwawo ndi kumeneko. Elie Saab, Zuhair Murad, Georges Hobeika, akatswiri otchuka opanga madiresi, onsewa ndi a ku Lebanon. Diresi limene Halle Berry anavala polandira mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2002 linali la Elie Saab, ndipo apongozi anga amaikamba nkhani imeneyo ngati anasoka ndi mwana wawo. Kumeneko mzimayi sapita ku ukwati ndi siketi ndi bulauzi. Diresi lifike pansi, tsitsi likakonzedwe ku saluni, zikhadabo zipakidwe, ngakhale agogo a zaka 80.

Koma ndalama ndiye vuto. Chuma chawo chinagwa kuyambira 2019. Kale dola imodzi inali ma lira 1,507, koma ife tikufika inali pafupifupi 90,000. Ndalama zimene apongozi anga aamuna anasunga moyo wawo wonse zinatsekeredwa ku banki ngati za anthu ena onse. Chilichonse cha ukwati chimatchulidwa mtengo wake mu madola. N'chifukwa chake ngakhale diresi la mkwatibwi linali lobwereka pa shopu ina ku Jounieh, ndipo anasiya chikole cha madola 300. Ine sindikanatha kuuza amuna anga kuti tichotse pa ndalama zimene tinabwera nazo zothandizira ukwati kuti ndigule diresi lovala usiku umodzi.

Msuweni wawo wochokera ku Sydney anabwera ndi madiresi awiri, ndiye anandibwereka lina la buluu. Iye ndi wamtali ngati bango. Lachisanu usiku ndinakhala pakhonde n'kupinda mpendero wa masentimita 12 pamanja, osadula, chifukwa si langa. Ndinagona cha m'ma 2 koloko.

Bambo Mwale, telala wa ku Limbe:
Mwachita bwino osadula. Chovala cha eni sichidulidwa. Pitirizani mayi, ife tikudikira za zipi.

Amake Yamikani:
Tisanafike pa zipi, pali magetsi. Tsiku la ukwati m'nyumba ya zipinda zitatu munali anthu oposa 30. Nthawi yotentha ya July ndi August ndi imene a ku Lebanon okhala kunja amabwerera kwawo, n'chifukwa chake maukwati amachuluka miyezi imeneyo. Panali azakhali a ku Montreal, ena a ku Abidjan, amalume a ku São Paulo ndi ana awo osalankhula Chiarabu. Chiganizo chimodzi chimayamba m'Chiarabu, pakati Chifalansa, n'kuthera m'Chingerezi. Mawu amene ndinawamva kwambiri tsiku lonse ndi akuti yalla, yalla, kutanthauza tiyeni, fulumirani, koma palibe amene amasuntha.

Magetsi a boma kumeneko amabwera maola ochepa patsiku. Mudzi uliwonse uli ndi munthu wa jenereta yaikulu amene amagawira nyumba, ndipo umalipira malinga ndi ma ampere amene walembetsa. Nyumba ya apongozi inali ya ma ampere 10. Taganizirani: firiji, simbi, zowumitsira tsitsi ziwiri, ndi kachipangizo kopotera tsitsi. Kungoyatsa chachinayi, switchi yaikulu imagwa, phi! Ndiye mnyamata wina wa zaka 12 anapatsidwa ntchito yothamangira pansi pa masitepe kukaidzutsa. Ndinamuwerenga, pofika masana anali atatsika kasanu ndi kawiri.

Cha m'ma 1 koloko azakhali ena ankasita velo ya mkwatibwi pa tebulo la m'chipinda chodyera. Switchi inagwa. Iwo poona kuti simbi yazizira anaisiya chogona pa velo pomwepo n'kupita kukalalatira owumitsa tsitsi. Mnyamata uja anachita ntchito yake, anadzutsa switchi. Ine ndinamva fungo ngati la jumbo ikupsa. Pothamangira, nsalu ija inali itasungunuka, bowo lofanana ndi chikhatho changa, m'mphepete mwake muli makwinya akuda olimba ngati phula.

Amai Zulu, Chipata:
Mayo ine! Neti ya velo siikhudzidwa na simbi, ni nthunzi chabe. Manje mkwatibwi anachita bwanji?

Amake Yamikani:
Anali akadali ku saluni, ndipo apongozi anga aakazi anati aliyense amene amuuze adzaona. Azakhali aja anakhala pansi n'kumadzimenya pachifuwa. Ine ndinayala velo ija pansi. Inali ya mamita atatu, bowo lili kumunsi. Ndinati tikadula theka la mita, n'kumasula lesi ya m'mphepete, n'kuibwezera pamalo atsopano, palibe angadziwe. Imeneyi inali yogula, osati yobwereka, ndiye ndinali ndi ufulu wodula. Sizasi yake inali ya kukhitchini, yodulira nkhuku. Ndinaitsuka kawiri ndi sopo.

Apa ndi pamene ndiyenera kutchula mtsikana wa ku Ethiopia amene amagwira ntchito m'nyumbamo. Dzina lake ndikulidziwa koma sindilemba pano. Anandiona ndikulimbana ndi lesi, anapukuta m'manja, n'kukhala pansi mbali inayo osanena kanthu. Anatenga singano yachiwiri. Iye anayambira kumanzere, ine kumanja, tinakumana pakati patatha ola limodzi ndi mphindi zochepa. Nditayang'ana msoko wake unali waung'ono ndi wofanana kuposa wanga, ine amene ndasoka zaka 17.

Nachisale:
Kuposa wanu amayi? Ndiye analidi ndi dzanja.

Amake Yamikani:
Anali nalo. Ndibwereranso kwa iye.

Zina zing'onozing'ono ndingodutsa. Azakhali a ku Montreal ndi a ku Abidjan anatulukira m'zipinda zawo atavala diresi lobiriwira lofanana ndendende, onse anaitanitsa pa intaneti osauzana. Anayang'anizana pakhonde kwa kanthawi, kenako wamkulu anapita kukafunda shawelo yakuda ndipo sanaivule usiku wonse ngakhale kunkatentha. Apongozi anga aamuna anaonda kwambiri zaka zimenezi, buluku la suti yawo linkagwa, ndiye amuna anga anaboola lamba ndi msomali. Kamtsikana koponya maluwa kanadya manoushe, kabuledi kawo ka m'mawa kopakidwa zaatar ndi mafuta a maolivi, katavala kale diresi loyera. Mafuta anadontha pachifuwa. Tinathira pauda wa ana, tinadikira, tinasasa, kotsalako tinabisa ndi duwa la nsalu.

Tsopano zipi. Mwambo wawo ndi wakuti makolo ndi abale a mkwati amabwera kunyumba kwa mkwatibwi kudzamutenga, atanyamula mphatso ya golide, mkwati yekha amakadikira ku tchalitchi. Ananena kuti afika 4 koloko, ukwati uyambe 6 koloko. Itakwana hafu pasiti 3, mlamu wanga analowa m'diresi. Linali lolemera, ndikalinyamula dzanja limodzi limatopa, mikanda kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno. Anamuyeza mu May, ndipo a ku shopu analibweza pang'ono m'mbali kuti ligwire thupi. Shbine wake, ndiye mperekezi wamkulu wamkazi amene amakhalanso mboni ku tchalitchi, anakoka zipi. Inakwera bwinobwino mpaka pamsoko wa m'chiuno, pomwe nsalu zimakumana zinayi, n'kuima. Ndinali pakhomo ndipo ndinakuwa kuti musakoke, koma m'Chichewa, chifukwa mantha samasankha chinenero. Anakoka. Mano a zipi anatseguka kuyambira m'chiuno kutsika mpaka pansi, kamutu kake n'kutsala m'manja mwa shbine.

M'chipindamo munangoti zii. Kenako panja tinamva ng'oma ndi mahutala a galimoto akukwera phiri.

Bambo Mwale, telala wa ku Limbe:
Ndimadziwa kuti ndi pa chiuno. Nthawi zonse ndi pa chiuno. Zipi yobisika mano ake ndi kawaya ka nayiloni kopyapyala, anaipangira nsalu zopepuka. Ikafika pamsoko wokhuthala kamutu kamapendekeka, ukakakamiza kamatsegula mano m'malo mowatseka. Koma ndikufunseni, simunayese kubwezera kamutu ndi pulayala?

Amake Yamikani:
Ndinayang'ana bambo. Mano asanu kapena asanu ndi limodzi anali atazuka pa tepi. Ikanatsekeka ikanaphulikanso pa guwa. Ndinauza amuna anga pakhomo kuti auze amayi awo kuti ndikufuna mphindi 40, kandulo, ndi anthu onse atuluke kupatula awiri.

Mlamu wanga ankanjenjemera, misozi ili m'maso, wopaka nkhope akumupemerera ndi pepala kuti isatsike. Ndinamugwira mapewa n'kumuuza m'Chingerezi kuti ndikusokera m'kati momwemo, usiku ndidzakumasula ndekha. Anandiyang'ana pagalasi n'kugwedeza mutu.

Ulusi ndinaupinda kanayi n'kuukoka pa kandulo kuti usapotane ndiponso ulimbe. Ndinayambira pa chiuno pomwe pali mphamvu yonse, ndinamanga katatu, kenako n'kumakwera ndi msoko wobisika uja wolumpha uku ndi uku, singano ikulowa pa tepi ya zipi yakufayo osati pa nsalu ya diresi, kuti a ku shopu asadzapeze mabowo. Shbine ankakanikiza mbali ziwirizo ndi manja. Switchi inagwanso, chipinda chili ndi kawindo kamodzi. Mtsikana wa ku Ethiopia uja analuma foni yake ndi mano kuti tochi iwale pamsana, manja ake akusoka kuchokera m'chiuno kutsika pamene ine ndikukwera. Singano inandibaya chala chapakati, ndinachiyamwa msanga kuti magazi asagwere pa nsalu yoyera, n'kumanga ndi kansalu.

Nabanda ku Leeds:
Nanga alendo aja panja anangowaimika?

Amake Yamikani:
Apa ndiye ndinawalemekeza amayi a kumeneko. Anawakhazika m'chipinda chochezera, anawapatsa khofi wawo wakuda wa m'timakapu ting'onoting'ono, baklava, ndi mlabbas, tiamondi tokutidwa ndi shuga. Khofi atatha anabweretsa wina. Kenako Teta, agogo ake a mkwatibwi, anaima pa masitepe ndi ndodo yawo n'kuyamba zalghouta. Ili ngati nthungululu yathu, koma iwo amayamba ndi ndakatulo ya mizere inayi, mzere uliwonse ukuyamba ndi mfuu yakuti aweeha, yotamanda mkwatibwi kapena banja la mkwati, pomaliza amayi onse n'kululutira pamodzi. Teta anatamanda mkwati, bambo ake, mayi ake, mudzi wawo, mpaka minda yawo ya maapozi. Ikatha ina amayamba ina. Ife m'chipinda timamva, ndipo nthawi iliyonse nthungululu ikamveka mlamu wanga amaseka ali m'misozi, ine n'kumamuuza kuti asapume mwamphamvu.

Nditamanga mfundo yomaliza pakhosi, Teta analowa, anabaya m'kati mwa diresi kapini kokhala ndi kamendulo ka Mar Charbel, woyera mtima wa ku Annaya amene Amaronite, Akatolika a ku Lebanon, amamukonda kwambiri, pamodzi ndi kamkanda ka buluu koteteza ku diso loipa. Anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti yislamo ideyki. Amuna anga anandimasulira pambuyo pake kuti ndi kudalitsa manja a munthu amene wakugwirira ntchito yabwino, kuti manjawo akhale amoyo.

Anaphiri ku Joni:
Thupi langa lachita tsemwe. Ine ndinaperekerapo zakudya pa ukwati wa a Lebanon kuno ku Johannesburg, amene anakwatitsira ku tchalitchi chawo cha Our Lady of the Cedars ku Woodmead. Nthungululu ija nditaimva ndinatsala pang'ono kuika thireyi pansi n'kuyankha. Koma achemwali, msoko wa pamanja unapirira gule wawo uja wopondaponda?

Amake Yamikani:
Ndifika pa gule, Anaphiri. Pali chinthu china chinachitika tisananyamuke chimene chimandiwawabe, ndipo sindingachidumphe.

Nditatuluka m'chipinda muja ndinali ndisanavale, ndili ndi chitenje ndi tisheti, chala chomangidwa, singano pachifuwa. Mayi wina wa kuchimuna, wovala golide mpaka m'zigongono, anandiona pakhonde. Anavula kajekete kake n'kundiponyera pamkono, akulankhula Chiarabu mwachangu, osandiyang'ana n'kumaso komwe, chala chikuloza simbi. Ndinaima nako kajekete kaja. Apongozi anga aakazi anali kumbuyo kwake atanyamula thireyi ya khofi. Anaiika pansi, anachotsa kajekete pamkono panga, anamubwezera mayi uja m'manja, n'kunena mokweza kuti hayde kinnti, uyu ndi mpongozi wanga. Anawonjezera kuti Imm Yamikani. Kumeneko mayi amaitanidwa Imm kenako dzina la mwana wake wamwamuna woyamba, ndendende ngati Amake kwathu kuno. Kanali koyamba kundiitana choncho. Mayi uja anafiira nkhope n'kuyamba kundipsompsona masaya katatu akupepesa.

Nachisale:
Apongozi otere ndi osowa. Mulungu awasunge.

Nagama:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule. Amake Yamikani musandimve molakwa, apongozi anu anachita bwino. Koma tamverani mawu awo. Anati uyu ndi mpongozi wanga, ndiye kuti mukanakhala wantchito zikanakhala bwinobwino kukuponyerani chovala osakuyang'anani. Ine ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku Oman zaka ziwiri. Ndikudziwa kuponyeredwa chovala. Ndikudziwa kusita madiresi asanu ndi atatu a ukwati umene sukaponda. Funso langa ndi limodzi: mtsikana amene analuma foni uja, nthawi imeneyo anali kuti?

Amake Yamikani:
Anali kumbuyo kwanga, Anagama. Anaona zonse. Ndipo kajekete kaja anasita ndi iyeyo.

Mwanena chimene chimandiwawa. Pamene apongozi ankanditchula Imm Yamikani mtima wanga unasangalala, sindingakane, ndinali nditadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti andione choncho. Nditatembenuka ndinamuona akutola kajekete kaja kupita nako pa tebulo. Teta anadalitsa manja anga, koma theka la msoko wa pamsana ndi theka la velo anali manja ake. Ndinanena pomwepo m'Chingerezi kuti tasoka awiri, anthu anati eya, eya, bravo, koma galimoto zinali zikuimba kale. Ife tinapita ku tchalitchi, iye anatsala ndi timakapu 60 ta khofi.

Nabanda ku Leeds:
Kwa amene simukudziwa, dongosolo limene Anagama akunena limatchedwa kafala, ndipo ku Lebanon lilikonso. Chilolezo chokhalira m'dziko cha wantchito chimamangidwa pa dzina la bwana wake, ndiye akachoka pa nyumbapo popanda chilolezo amasanduka wolakwira malamulo. Lamulo lawo la ntchito la 1946 linawapatula antchito a m'nyumba, silikuwateteza. Ambiri ndi a ku Ethiopia, ena a ku Philippines, Bangladesh, Sri Lanka, Kenya ndi Sierra Leone. Chuma chitagwa, mu 2020, ena anangotayidwa ndi zikwama zawo pakhomo la ofesi ya kazembe wa Ethiopia ku Beirut. N'chifukwa chake mayi uja ataona khungu lakuda sanaganize kawiri.

Bambo Mwale, telala wa ku Limbe:
Ine ndinene zosiyana pang'ono. Tisaloze chala kutali kokha. Maukwati angati kuno amene mtsikana wa pakhomo amatsala akusuka mapoto pamene ife tikuvina perekaniperekani? Ndipo telala amene wagona pa makina masiku atatu, dzina lake limatchulidwa pa maikolofoni? Amathokoza wa keke, wa zokuzira mawu, wojambula. Ife ayi.

Nagama:
Zoona bambo, koma wa kuno akatopa amakwera minibasi kupita kwawo. Wa kunja pasipoti ili m'kabati ya bwana. Si zofanana.

Amai Zulu, Chipata:
Ine funso langa ni lina. Amake Yamikani, simunaganize kuti posoka na kugwada pansi tsiku lonse, ndimwe munawapatsa maganizo akuti ndimwe wanchito? Ine nikanakhala pa mpando monga mlendo, azionere okha.

Amake Yamikani:
Ayi amai, pamenepo sindikugwirizana nanu. Amene anali m'diresi lophulika ndi mlongo wa amuna anga, azakhali ake a Yamikani, mtsikana amene ankandiimbira pa WhatsApp ndili ndi pakati pomwe ena a m'banjamo anali asanandilandire. Ine ndine telala. Sindingakhale pampando manja ali pamiyendo mwana akulira, singano ili m'chikwama. Kusoka sikunandichepetse. Cholakwika chinali m'maso mwa mayi uja, osati m'manja mwanga.

Anagama, za pasipoti ndinafunsa. Lamlungu ndinamupeza mtsikana uja yekha kukhitchini ndipo ndinamufunsa mwachindunji. Anati ili kwa iye mwini, amalipidwa mu madola, ndipo Lamlungu lililonse amapita ku tchalitchi cha anthu akwawo ku Beirut. Ndinapumako. Koma ndinafunsanso amuna anga usiku umenewo chifukwa chimene mtsikanayo sanapite nafe ku ukwati. Anayamba ndi kunena kuti ndi mmene zimakhalira, kenako anakhala chete nthawi yaitali. Tinakangana pang'ono. M'mawa mwake anakalankhula ndi amayi awo, sindikudziwa mawu onse amene anauzana, koma pamene banja lonse linakwera ku Harissa kukathokoza pa chifanizo cha Mayi Maria chimene chimayang'ana gombe la Jounieh, mtsikanayo anakwera nafe, ndipo mlamu wanga anajambulitsa naye awiriwiri.

Nagama:
Chabwino. Sizikonza zonse koma mwafunsa. Ambiri safunsa.

Anaphiri ku Joni:
Tsopano gule, chonde!

Amake Yamikani:
Ku tchalitchi tinafika mochedwa ndi mphindi 50, wansembe sanadabwe n'komwe. Amaronite ndi Akatolika, ali pansi pa Papa, koma mwambo wawo wa ukwati ndi wina: wansembe amaveka mkwati ndi mkwatibwi zisoti zachifumu, ndipo ukwatiwo amautchula ndi dzina la chisoticho, iklil. Pamene ankamuveka mlamu wanga, anawerama, msana wonse n'kukokeka. Anthu ankayang'ana chisoti, ine maso anali pa chiuno. Sunasunthe.

Ku madyerero ndiye kunali zaffe. Anyamata ovala mabuluku akuda otakasuka ndi malamba ofiira analowa ndi ng'oma zikuluzikulu zopachika paphewa, zitoliro zolira mokweza ndi malupanga, akuwatsogolera akwati. Kenako dabke: anthu amagwirana manja pamzere, phewa ndi phewa, kuyenda chammbali n'kuponda pansi mwamphamvu ndi phazi lamanzere, wotsogolera akuzunguza kansalu m'mwamba, akudumpha ndi kunjuta. Shbin, mperekezi wamkulu wa mkwati, ndi amene ankatsogolera. Ananjuta kamodzi, kawiri, kachitatu buluku linang'ambika kumbuyo kuyambira pa lamba. Anangovula jekete n'kulimanga m'chiuno, mzere osaduka. Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu, ulusi wakuda unali utatsala kunyumba. Gogoda wa azakhali a ku Abidjan anatitimira mu kapinga n'kuthyoka, anavina opanda nsapato mpaka kutha.

Mkwatibwi anamunyamula m'mwamba kawiri. Anadula keke ndi lupanga, manja onse m'mwamba. Makombola anaphulika pamwamba pa phiri. Ine sindinadye bwinobwino kibbeh kapena tabbouleh zimene zinadzaza tebulo, ndimangozungulira kumbuyo kwake ngati nkhuku ya anapiye. Pa mfundo zonse zija, imodzi yokha ya pakhosi ndi imene inamasuka.

Nachisale:
Ndiye kumumasula kwake?

Amake Yamikani:
Cha m'ma 3 koloko usiku tinawaperekeza ku nyumba yawo yatsopano. Pali mwambo wakuti mkwatibwi asanalowe amamata mtanda wa ufa wokanda pamwamba pa chitseko, ukamatirira ndiye kuti banja likhazikika. Anatambasula dzanja, anamata, unagwira, amayi analuluta. Kenako anthu onse anabwerera, mkwati anakhala pakhonde ndi suti yake, ine ndinalowa ndi mkwatibwi kuchipinda ndi lezala. Ndinadula mfundo imodziimodzi, mphindi 20, n'kumazula tiulusi kuti pasatsale kanthu. Pamene diresi linatseguka, pamsana pake panali mzere wofiira kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Anapuma mpweya waukulu n'kundikumbatira osalankhula.

Lolemba tinabweza diresi. A ku shopu anayang'ana nsalu, sanapeze bowo, anadula madola 20 a zipi yatsopano, otsalawo anabweza.

Nabanda ku Leeds:
Nanga sutikesi ija inapezeka?

Amake Yamikani:
Inafika Lachiwiri, chilundu chili bwinobwino. Ndi chimene ndinavala ku Harissa, ndipo Teta anagwiragwira nsalu yake n'kufunsa ngati ndingawasokere siketi. Ndinawatumizira mu December. Sizasi ija sindinabwere nayo. Mtsikana uja anandiuza kuti akusunga ndalama zogulira makina akadzabwerera kwawo, mayi ake ndi amene anamuphunzitsa kusoka. Ndinamusiyira sizasi ndi tepi yoyezera. Anaitsegula n'kuitseka kangapo pafupi ndi khutu, mmene timachitira tonse pofuna kumva ngati ili yakuthwa. Timalemberana mpaka lero. Nkhondo itakula mu 2024 ndinkamufunsa tsiku lililonse, iye pamodzi ndi apongozi, ndipo onse ali moyo.

Nachisale:
Zikomo amayi, ndamva zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Ndiye pa diresi langali ndiike chiyani? Ukwati uli pa 28, mkwatibwi akuti akufuna kumbuyo kosalala.

Bambo Mwale, telala wa ku Limbe:
Ikani zingwe zomanga kumbuyo, ndi kansalu kotchinga m'kati. Akanenepa kapena kuonda, zingwe zimalolera. Ngati akukana zingwe, ikani zipi wamba yolimba, muibise ndi mzere wa mabatani okutidwa, ndipo m'kati muike lamba wa m'chiuno wokhala ndi ngowe ziwiri kuti kulemera kukhale pa lambayo osati pa zipi. Mikanda muisiye sentimita imodzi kutali ndi mano.

Amake Yamikani:
Monga anenera a Mwale. Ndipo mumuyezenso kutatsala masiku atatu, atavala zamkati zomwe adzavale tsikulo, atakhala pansi, atawerama, atakweza manja. Anachisale, Loweruka m'mawa ndidzakhala pa shopu, bwerani nalo diresilo tidzalione limodzi. Mubwerenso ndi mkwatibwiyo ngati angathe.